Nyimbo Yotsimphina ya Doña Eulogia

Mtembo wa Fortunato Huaroc unapezeka Lachinayi, nthawi ili 2:20 masana, m'kashopu kake ka nambala 47 mumsika wa ku Huancayo, mzere wa ogulitsa mafoni. Amene anaupeza ndi mkazi wake, Primitiva, pobwera kuchokera kuzionetsero, chikwangwani chikadali m'manja.

Nicanora Pomalaza anafika 2:50. Anali atagwira ntchito yofufuza milandu yakupha zaka makumi atatu, atabereka ana anayi, mawondo onse awiri atatha. Sanafunse njira. Kashopuko ankakadziwa, chifukwa nyimbo za paukwati wa mwana wake wamkulu anabenetsa pomwepo, atanenerera mtengo mpaka mwini shopu kugwira mutu.

Chitseko chachitsulo chija chokokera pansi chinali chotsika theka. Fortunato anagona chafufumimba pakati pa mpando ndi sipika yaikulu, bala lili kunkhongo. Ndodo yachitsulo yokokera chitsekocho inali pambali pake, yopukutidwa bwino. Laputopu imene ankabenera nyimbo inali itapita, patangotsala chingwe. Pakauntala panali mbale ziwiri za msuzi wa mutu wa nkhosa, zonyambitidwa, ndi chipewa chachikazi chakuda cha liboni wa silika.

"Woyeza mtembo akuti anaphedwa pakati pa 12 ndi 1 koloko," anatero Sajeni Abundio Taipe, amene anafika poyamba. Anali bambo wamimba yotsogola, ndipo awiriwa ankaitanana kompadre ndi komadre chifukwa Abundio ndiye ananyamula chitsirizira cha Nicanora pa ubatizo. "Nthawi imeneyo msika wonse unali kumsewu, komadre. Ng'oma, malikhweru. Munthu akanakuwa, palibe akanamva."

Zionetserozo zinali za msonkho. Panali ganizo loti aliyense wolipira intaneti aziwonjezera ma sol awiri pamwezi, ndalamazo zitsegulire ofesi yosaka akuba nyimbo ndi mafilimu. Miyezi iwiri yathunthu mawailesi sankakamba china. Oimba ankati ubwere. Amumsika ankati wakuba wamkulu ali ku Lima, nanga alipire bwanji mayi wogulitsa anyezi amene intaneti yake ndi yolankhulira ndi mwana wake ku Italy. Fortunato ndiye anasankhidwa kukawalankhulira pawailesi Lachisanu, 5 koloko madzulo.

Primitiva anakhala pakreti ya zakumwa, osalira, manja ali pamawondo.

"Bwanji sanapite nanu kumsewu?" anafunsa Nicanora.

"Anati akudikira mlendo."

"Ndani?"

"Akanandiuza ndikanakuuzani. Zaka makumi anayi, Doña Nicanora, munthu ameneyu akundiyankha kuti 'uona'."

"Chipewachi n'cha ndani?"

"Mukuchidziwa. Huancayo yense akuchidziwa."

N'zoona. Chinali cha Doña Eulogia Canchanya, woimba wa zaka 71, amene nyimbo zake zinakwatitsa theka la chigwa chonse. Chimbale chake chatsopano, choyamba m'zaka khumi ndi ziwiri, chimayenera kutuluka pa chikondwerero cha Santiago, koma milungu itatu tsikulo lisanafike chinapezeka pa intaneti, aliyense akuchitenga ulere. Lolemba la sabata yomweyo mayiyo anapita pawailesi n'kunena, dziko lonse likumva, kuti wakuba akumudziwa, ali pa nambala 47, ndipo adzamuphwanya mutu ndi manja ake omwe.

"Si iwo," anatero Primitiva. "Ndi komadre wanga. Pakamwa pokha."

"Pakamwa pawo ndi pamene pawamangitse," anayankha Nicanora.

Mumzere wonsewo munali mutatsala munthu mmodzi yekha, Doña Saturnina, woyang'anira zimbudzi, chifukwa zimbudzi sizipita kuzionetsero. Anamupeza akupinda mapepala, kawailesi kali pakhutu.

"Doña Eulogia anadutsa apa cha m'ma 12 isanakwane, opanda chipewa, akutukwana," anatero Saturnina. "Kenako panabwera bambo wina, kapu kumutu, sikafu kukamwa. Osapereka ndi moni yemwe. Akuti, 'Nambala 47 ili kuti?' Ine ndinati, ndani mumsika muno amafunsa nambala? Umati kwa Fortunato, basi. Patapita kanthawi anabweranso kudzasamba. Anatsuka mkono wa jekete, osati manja okha."

"Nkhope?"

"Sikafu, mayi, ndakuuzani. Nsapato zopolisha. Koma mawu akewo ndinawamvapo penapake. Sindikukumbuka kuti."

"Mukakumbuka mundiimbire."

"Mundipatsa chiyani?"

"Sindikumangani chifukwa chogulitsa pepala lopyapyala chonchi."

Pofika 5:30 woimira boma pamlandu anali atalamula kale kuti Doña Eulogia asungidwe. Mawu a pawailesi analipo, chipewa chinalipo, mboni yowaona inalipo. Anati Loweruka 8 koloko m'mawa awatengera kukhoti kukapempha kuti akadikire mlandu kundende. Nicanora anawerenga pepalalo kamodzi n'kulipinda. Ndende ya amayi imazizira usiku mwezi wa Julaye moti madzi amaundana m'ndowa, ndipo mayiyu anali ndi chifuwa cha mphumu. Akalowa, chikondwerero cha Santiago sadzachiona.

M'chipinda chofunsira mafunso Doña Eulogia anakhala chilili mpaka atapatsidwa mpando wotsamira.

"Munafika nthawi yanji kwa Fortunato?"

"11 koloko, ngati Lachinayi lililonse."

"Kukatani?"

"Kukamutukwana."

"Lachinayi lililonse?"

"Zaka makumi atatu. Ndimamutukwana kuti ndi mbava, iye amaitanitsa msuzi, timadya, ndimapita. Kodi ndi mlandu?"

"Chipewa chanu chinatsala bwanji?"

"Ndinamugenda nacho. Anachiwakha, galu ameneyo, n'kunena kuti ndidzachitenga ndikadzabwera kudzapepesa. Ine kupepesa kwa wobena nyimbo."

"Bwanji munati ndi iye anaika chimbale pa intaneti?"

Mayiyo anayang'ana kukhoma. "Chifukwa anali nacho. Anali padrino."

Abundio anasiya kulemba. Padrino ndi munthu amene amasenza chinthu chimodzi pa mwambo, wina keke, wina mowa, wina oimba. Koma kuti mbava ya nyimbo ikhale padrino wa chimbale, zimenezo anali asanamvepo.

"Musandiyang'ane choncho, bambo inu. Iye ndi amene anandipezera woimba zeze, n'kumudyetsa milungu isanu ndi umodzi. Anandiletsa kuuza anthu, akuti ziononga mbiri yake ya ukuba. Mapadrino anga ndi atatu. Iyeyo, Doña Hermelinda wa malole a mbatata, ndi Dokotala Camarena. Aliyense ndinamukonzera chimbale chake pa fulashi, chokhala ndi moni wa dzina lake mkati mwa nyimbo yoyamba, monga timachitira. Hermelinda ali m'chipatala ku Lima, fulashi yake ndikumusungira ndine. Dokotala ndi amene akutimenyera nkhondo ya msonkho. Ndiye watsala ndani?"

"Fortunato anati chiyani?"

"Anati, 'Komadre, dikirani Lachisanu, mudzavina.' Ndi pamene ndinamugenda." Anatembenukira kwa Nicanora. "Adya kale msuzi wake wonse, eti? Sanafe ndi njala?"

"Mbale inali yonyambita."

"Chabwino." Anatulutsa kansalu m'thumba, n'kukafinya m'manja osakagwiritsa ntchito.

Nicanora anavula shawelo yake yaubweya n'kuiponya pathebulo. "Mudzandibwezere. Ndinagula modula."

Lachisanu 9 koloko m'mawa Nicanora ndi Abundio anali muofesi ya Wilfredo Camarena, loya, wapampando wa bungwe la oimba, amene ndiye anayambitsa nkhani ya msonkho m'chigawocho. Aliyense ankamutchula Dokotala, monga amatchulira maloya onse. Anawalandira ndi khofi wamakapu ang'onoang'ono amene Abundio anamwa kamodzi n'kuyang'ana mkati ngati wamubera.

"Ndasweka mtima," anatero Camarena. "Doña Eulogia ndi mayi wathu tonse. Ndiwaimira ine ndekha, ulere. Khoti liyenera kumvetsa kuti munthu akaberedwa thukuta la zaka khumi ndi ziwiri, mtima umatha kuthawa."

"Ndiye inu mukuti anapha?"

"Ine sindinanene choncho, mayi."

"Mwanena. Fortunato munkamudziwa?"

"Dzina lokha. Sindinalankhulepo naye. Lero ndiye tikanakumana pawailesi."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Muno, kulemba zokanena lero. Ndekha. Mlembi wanga ndinamuuza apite msanga chifukwa cha chipwirikiti cha mumsewu."

Anatsegula kabati n'kutulutsa fulashi. "Tengani. Ichi ndi chimbale monga chilili pa intaneti. Ndikupatsa atolankhani onse, kuti abale anga oimba aone chimene ma sol awiri angaletse." Anaiika kaye m'makina kuti amve. Zeze analira, vayolini inalowa, phazi la Abundio linayamba lokha kugunda pansi. Nicanora anayang'ana pansi pa desiki. Nsapato za Dokotala zinali phee, zonse ziwiri, ngati zili m'sitolo.

Ali panja Abundio anati, "Munthu wabwino, koma khofi wake ndi wa mbalame."

"Wakondwa kwambiri," anatero Nicanora. "Woimba wake ali m'chitokosi, iye akugawa mafulashi. Uwauze anyamata a mafoni ndikufuna manambala onse amene Fortunato anaimba sabata ino. Lero, osati mawa."

Mtembo unaperekedwa kwa abale 11 koloko. Pofika 1:30 masana unali kunyumba ku Chilca, makandulo atayatsidwa, amayi amumsika atakhala m'mbali mwa khoma akutafuna masamba a koka monga mwa mwambo wa pamaliro. Nicanora anamukokera Primitiva kukhitchini.

"Sabata ino anachita chiyani chachilendo? Musandiuze kuti palibe. Mwamuna aliyense amachita chachilendo."

"Ankavina."

"Kuvina?"

"Kuyambira Lolemba. Amaika nyimbo yoyamba ya komadre, ija ya pa intaneti, n'kumavina yekha m'shopu, munthu wamkulu. Akafika penapake amapunthwa, n'kubweza nyimbo, kuvinanso, kupunthwanso pomwepo. Ndinati wayamba kumwa masana. Lachitatu anasiya, anakhala duu, kenako anatuluka kukaimba foni."

Nicanora anaika kapu pansi. Galu wamkota sakandira pachabe. Fortunato anali atamvera nyimbo tsiku ndi tsiku kuyambira nthawi ya makaseti, ndipo pa Santiago ankavina mpaka nsapato kubooka.

"Fulashi yake ya upadrino ili kuti? Inapita ndi laputopu?"

Primitiva anapukusa mutu. Anafika pashelefu, n'kutembenuza kachifanizo ka Santiago wokwera hatchi. Fulashi inali yomatidwa ndi selotepi kumimba kwa hatchiyo. "Anati iyi yokha siikopedwa. Anthu ankamupempha, ena ndi ndalama m'manja. Ankawauza kuti adikire chikondwerero akagule kwa mwini wake. Mukudziwa kuti aliyense wobenetsa nyimbo kwa iye ankamuikira banyira? Banyira yake inali nyimbo yakale ya komadre, nthawi zonse, ngakhale kwa ana ofuna za ku Korea. Ankati asaiwalike."

Anatulutsa sipika pabwalo lakuseri, pamene panali nkhuku ndi khola la mbira. Nicanora analoza Abundio.

"Vina."

"Pamaliro, komadre?"

"Ndi ntchito ya boma. Vina."

Abundio anavula jekete, analipereka kwa Primitiva, n'kuika manja kumbuyo. Anthu ambiri sankadziwa kuti mimba imeneyo inapambanapo mphoto kawiri ku Sapallanga. Anayamba ndi fulashi ya Fortunato. Zeze atangolowa, mawu a Doña Eulogia anakwera pamwamba pa zingwe: "Moni kwa kompadre wanga Fortunato Huaroc, mbava yanga ya pa nambala 47, Mulungu akukhululukire poti ine sindidzatero." Primitiva anaphimba nkhope ndi jekete lija. Abundio anavina mpaka kumapeto, fumbi lili koboo, osaphonya phazi.

Kenako anaika ya Dokotala, ya pa intaneti. Zeze analowa bwinobwino, popanda moni. Vayolini inalowa, popanda moni. Pamene masakisofoni amati alowe, Abundio anadzandira, phazi lamanzere linaponda lamanja, n'kukagwira khola la mbira.

"Bwezani," anatero, nkhope itasintha.

Anabweza. Anadzandira pomwepo.

"Si ine, komadre. Nyimboyi ikutsimphina. Pakusowa mapazi atatu. Wina wadulapo kanthu n'kulumikiza. Khutu likhoza kudutsa, koma mwendo sungalole."

Nicanora anali atanyamula kale chikwama.

Nthawi ili 3:10 anali m'chitokosi. Doña Eulogia anakhala pabenchi atafunda shawelo ija, akupuma movutikira.

"Moni wa mapadrino mumauika pati?"

"Funso lanji limenelo? Aliyense pa chida chake. Wa zeze pa zeze, wa vayolini pa vayolini. Mukufuna munthu adyetse woimba zeze ine ndikamulonjere pa masakisofoni? Anthu angandione bwanji?"

"Hermelinda?"

"Vayolini."

"Masakisofoni?"

"Asanu ndi atatu, onse Dokotala. Ndinamuimbira moni wautali, mayina onse ndi maudindo, poti amakonda..." Anasiya. Anayang'ana Nicanora, kenako Abundio amene anali akupukutabe thukuta.

"Ya pa intaneti ija munaimverapo?" anafunsa Nicanora.

"Ndimvere chobedwa changa chomwe? Sindinafune."

"Zeze ali bwino. Vayolini ili bwino. Pa masakisofoni padulidwa."

Mayiyo anakokera shawelo paphewa. Kenako anati, ndi mawu apansi, "Ndinamugenda ndi chipewa."

"Anachiwakha," anatero Nicanora. "Mwanena nokha."

Pepala la mafoni linafika 3:40. Lachitatu, 9:40 m'mawa, Fortunato anaimbira nambala ya Camarena, ndipo analankhula mphindi zinayi. Wojambula nyimbo kusitudiyo, ataimbiridwa, anavomera kuti anapanga mafulashi atatu, moni uliwonse pamalo pake, ndipo wa Dokotala unali wotalika moti anawonjezera kachidutswa kuti ukwane. Woimira boma anang'ung'udza, koma anasaina chilolezo chofufuza galimoto ndi ofesi ya Camarena.

Nicanora anamupeza Camarena 4:35 pakhomo pa wailesi, mapepala ali m'khwapa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Mphindi khumi zokha, Dokotala."

"Ndikulowa pawailesi 5 koloko."

"Wotsutsana nanu wafa. Mulankhula ndi mpando?"

M'chipinda chofunsira mafunso anamupatsa mpando wopanda chotsamira. Nicanora anaika mafulashi awiri pathebulo, n'kupinda manja ngati ali pa mulu wa tomato umene sanaukonde.

"Ine sindidziwa kuzungulira. Ndili ndi zinthu zitatu. Ndikuonetsani chimodzichimodzi. Mukalankhula ndisanafike pa chachitatu, ndilemba kuti munalankhula nokha, ndipo inu loya mukudziwa kuti zimenezo zimachotsa zaka zingati. Ndikafika pa chachitatu, mtengo wakwera."

"Mayi, ine malamulo ndimaphunzitsa."

"Choyamba. Munati simunalankhulepo ndi Fortunato. Lachitatu, 9:40, mphindi zinayi."

"Anthu ambiri amandiimbira. Mwina ankafunsa za pawailesi. Ndinaiwala."

"Chabwino, mwaiwala. Chachiwiri. Fulashi yanu ya upadrino ili kuti?"

"Kunyumba, penapake."

"Moni wanu uli pati?"

"Mu nyimbo yoyamba."

"Pati mu nyimboyo?"

Camarena anakweza mapewa. "Pakati. Ndikudziwa bwanji?"

"Simukudziwa. Ndi chifukwa chake muli pano. Kompadre."

Abundio anapumira m'mwamba, anasuntha mpando, n'kuvina m'kachipinda kameneko, wapolisi wapakhomo akuyesetsa kusaseka. Pa masakisofoni anadzandira.

"Munachotsa dzina lanu," anatero Nicanora. "Koma dzina la padrino limakhala pa chida chake. Mwachotsa dzina, dzenje latsala, ndipo dzenjelo lili pa masakisofoni anu asanu ndi atatu. Mwana aliyense wa m'chigwa chino akanakuuzani. Inu munabadwira konkuno, koma simunavinepo."

Camarena anasuntha mapepala ake, kuwayika bwino m'mbali. "Ngakhale zitakhala choncho, umenewo ndi mlandu wa chimbale. Si wakupha."

"N'zoona. Ndiye ndikupita pa chachitatu. Mukutsimikiza?"



Nicanora anatsegula chitseko. Doña Saturnina analowa, kawailesi kake kali m'manja, n'kuima patali ngati akuopa kudetsa pansi.

"Funsani mayiwa kuti nambala 47 ili kuti, Dokotala."

"Sindichita zamasewera."

"Ndi amenewa," anatero Saturnina nthawi yomweyo. "Asavutike n'kufunsa. Ndi a 'abale anga oimba'. Miyezi iwiri ali m'khutu mwanga m'mawa uliwonse. Ndakumbuka lero 7 koloko atayamba kulankhula, koma foni yanga inalibe mayunitsi." Anayang'ana pansi. "Nsapato ndi zomwezo."

Saturnina atatuluka, Abundio anaika pathebulo thumba lapulasitiki. Munali jekete lotuwa limene analipeza m'buti ya galimoto, pansi pa tayala lapadera, mkono wamanja uli ndi mzere wofiirira umene madzi a kuchimbudzi sanachotse.

"Ichi ndi banyira," anatero Nicanora. "Sindinachiwerengere."

Camarena anavula magalasi. Popanda magalasi ankaoneka wokalamba, wotopa, ngati mphunzitsi wopuma ntchito.

"Zaka khumi ndi zisanu," anayamba, "ndakhala ndikulemba makalata. Oimba akufa m'zipatala opanda mankhwala, nyimbo zawo zikulira m'basi iliyonse. Palibe ankamva. Anthu samva manambala, mayi, amamva nkhope. Ndinafuna nkhope. Doña Eulogia akalira pawailesi, ngakhale a ku Lima amva. Ndinati chimbale chimodzi chitayike, masauzande apulumuke."

"Munawafunsa eni chimbale?"

"Akanakana."

"Ofesi yatsopanoyo, wamkulu wake m'chigawo chino akanakhala ndani?"

"Dzina langa linatchulidwa."

"Pitirizani. Lachinayi."

"Anandiimbira Lachitatu. Anati wadziwa. Ndinapita ndi envelopu, ndimaganiza kuti ndi zimene akufuna. Sanaitsegule n'komwe. Anati sakufuna kanthu, angofuna ndipite kwa Doña Eulogia ndikanene ndekha, chipewa chili m'manja, wailesi isanafike. Akuti akundipatsa tsiku limodzi ngati banyira, poti ndinalipira masakisofoni abwino. Ndikapanda kupita, aika nyimboyo pawailesi n'kuuza chigwa chonse kuti chiimirire chivine." Anaika magalasi pathebulo. "Anaseka, mayi. Osati mwachipongwe. Ngati ndine mwana amene wagwidwa ndi shuga. Kenako anatembenuka kuti andionetse pa laputopu pamene padulidwa. Ndodo inali pomwepo."

"Laputopu?"

"Mu mtsinje wa Mantaro, pamlatho wopita ku Chupaca."

"Ndipo munali okonzeka kuti mayi wa mphumu akagone kundende m'malo mwanu."

"Ndikanawatulutsa. Ndikanawaimira bwino."

"Ulere," anatero Nicanora. "Munanena. Lembani zonse, musaine. Kompadre, apatse cholembera chotchipa, chabwinocho asachigwire."

Doña Eulogia anatuluka 6:50 madzulo omwewo. Pakhomo anavula shawelo, anaipinda, n'kuibweza.

"Yopyapyala. Anakuberani."

"Yakusungani ndi moyo."

"Chipewa changa?"

"Ndi umboni. Mudikire mlandu uthe."

"Ayi. Chikatuluka mukapereke kwa Primitiva. Mwini wake anati ndidzachitenga ndikadzapepesa, ndipo sindinapepese."

Nkhani ya msonkho sinathere pomwepo. Mawailesi anapitiriza kukangana, oimba ena akuti ganizo ndi labwino ngakhale mwini wake waola, amumsika akuti tinanena. Nicanora sanalowerere. Ankati akadzaufuna msonkhowo adzabwere okha kunyumba kwake, adzakambirane.

Fortunato anaikidwa Lamulungu, 11 koloko. Msika wonse unatseka, kupatula zimbudzi. Oimba a chimbale chija anabwera onse osaitanidwa, masakisofoni asanu ndi atatu akunyezimira padzuwa. Bokosi litafika pachipata cha manda, Doña Eulogia, mutu uli pambalambanda, anakweza dzanja kuti aimbe nyimbo yoyamba. Zeze atalowa sanaimbe moni wakale uja. Anatsamira bokosilo n'kunena, mawu akumveka mpaka kumsewu, "Kompadre Fortunato Huaroc, mbava yanga, ndakukhululukira. Iwenso uchite chimodzimodzi, usanenerere."

Masakisofoni analowa athunthu, popanda dzina la munthu. Primitiva anagwira mkono wa Abundio, onyamula bokosi anayamba kuligwedeza monga amachitira ndi munthu amene ankakonda gule, ndipo fumbi linakwera. Nicanora anaima kumbuyo, chikwama chili m'khwapa, akuyang'ana mapazi a anthu mwachizolowezi cha ntchito. Palibe anapunthwa. Atafika pakati pa nyimbo anazindikira kuti mawondo ake otha aja nawonso ayamba, ndipo anawasiya.